Firiji ya Ambuya Anu ndi Mneneri wa ku Chelstone

Ana inu, Chanda ndi Tamara, mwati aphunzitsi akutumani kuti mulembe za munthu wotchuka wa m'banja mwanu, ndipo mwasankha ambuya anu. Sindinakhumudwe. Ndangodabwa pang'ono, popeza pamene munkasankhapo ine ndinali pomwepo, nditavala jekete. Koma ambuya anu ali m'chipinda, akulankhula ndi anthu a m'kompyuta amene sakudziwa kuti munthu adapuma ntchito, choncho mbiri yawo muimva kwa ine, ndipo m'mbiri imeneyi ine ndilimo kwambiri. Ndailemba kuti musadzati tinaiwala. Mukamaiwerenga musanditchule kuti shikulu. Dzina limenelo ndi la kwa atate anu, kwa Abemba, kumene anthu amapempherera nyani asanamudye. Kuno ndine agogo, ndipo ife timadya mbewa ngati anthu olemekezeka.

Ine ndi ambuya anu tidakumana ku yunivesite, chaka choyamba, m'kalasi ya sayansi ya zamoyo. Iwo ankakhala kutsogolo, ine pafupi ndi khomo, poti munthu wanzeru amayamba wadziwa kotulukira. Chaka chachiwiri ine ndi yunivesite tidagwirizana zosiyana. A yunivesite maganizo awo adawapachika pabolodi, anga sadandifunse. Anthu amati ndidalephera. Ine ndimati ndidamaliza msanga. Ambuya anu zidawatengera zaka zambirimbiri, kuno ndi kutsidya kwa nyanja, kuti afike pamene ine ndidafika kalekale, ndiko kunja kwa kalasi.

Masiku amenewo sayansi tinkachita ndi pakamwa. Ukafuna kutunga mankhwala, unkatenga kampope kagalasi, n'kuyamwa, n'kutseka ndi chala. Woyamwa mopitirira ankadziwa zotsatira za kafukufuku anzake asanalembe. Buku tinkalisaka m'timadirowa ta makadi, ndipo ukalipeza tsamba lofunikalo linali litang'ambidwa kale ndi munthu amene lero ndi dokotala. Inu mumangofunsa foni, foniyo n'kukunamizani mwaulemu.

Nditatuluka ndidatsegula kashopu ka fotokope ku Kabwata, pafupi ndi mayi wina wokazinga vitumbuwa. Vitumbuwa vya nthawiyo chimodzi chinkakwana munthu ndi mlendo wake, osati tamasiku ano timene mumameza musanatione. M'manja mwangamu mwadutsa madigiri ochuluka kuposa amene yunivesite iliyonse idaperekapo, ena mwa iwo enieni.

Apa tcherani khutu, chifukwa ndi pamene ntchito yanga ndi ya ambuya anu zimakumana. M'kati mwa chamoyo chilichonse, kaya ndi inu, nkhuku kapena chinangwa, muli buku lalikulu la malangizo lotchedwa DNA. Bukuli silituluka mu ofesi. Lili ngati fayilo ya kumaofesi a boma ku Longacres: aliyense amadziwa kuti ilipo, koma palibe adaionapo ikuyenda. Thupi likafuna kupanga kanthu, limajambula tsamba limodzi la bukulo n'kulituma. Tsamba lotumidwalo ndiye RNA, ndipo likafikitsa uthenga limang'ambidwa. Ndiye kuti ambuya anu moyo wawo wonse akhala akufufuza za fotokope, ntchito yanga yomwe ija, kungoti iwo amawaitanira kumisonkhano ya m'mahotela.

Vuto la RNA ndi loti siichedwa kuwonongeka. Pakhungu pa munthu aliyense, m'thukuta ndi m'malovu, muli tinthu tosaoneka timene ntchito yake ndi kudya RNA. Mukaigwira ndi dzanja, yatha. Mukaisiya kuti ifunde, tinthu tija timadzuka, yatha. N'chifukwa chake ambuya anu amakhalira magolovesi, ndipo ukawapeza ali pantchito n'kutambasula dzanja kuti upereke moni, amaliyang'ana ngati wawabweretsera njoka. Abale anga adaziona zimenezi ukwati wathu ukadali wauwisi, ndipo abale anga saiwala.

Kutchuka kwawo kudayamba ndi mapositikhadi. Kale wasayansi akasindikiza pepala, anzake akutali ankamutumizira kakhadi kopempha kope. Makhadiwo ankabwera ndi masitampa a mayiko amene sindinkadziwa kuti kuli anthu. Wojambula makopewo, wonyambita maenvelopu, woima pamzere ku positi, anali ine. Choncho mukamva kuti nzeru za ambuya anu zidafalikira padziko lonse, mudziwe lilime limene lidazifalitsa. Lero kompyuta ndiyo imawerenga kuti dzina lako latchulidwa kangati, ndipo ndikudziwa mapulofesa amene amaona nambala imeneyo m'mawa asanapemphere.

Ntchito imene idawadya mtima inali ya chinangwa. Ku Luapula, kwawo kwa atate anu, kudabwera matenda. Chinangwa kunja chimaoneka bwinobwino, ukachidula m'kati muli zowola zofiirira. Kachirombo kake nakonso ndi ka RNA. Koma m'minda ina mumapezeka mitengo imene siidwala, ndipo ambuya anu ankakhulupirira kuti mitengo imeneyo imapanga tizidutswa ta RNA yakeyake timene timang'amba uthenga wa kachiromboko usanawerengedwe. Kuti atsimikize, adayenda dzinja ndi dzinja kukathyola masamba. Ndinkawaperekeza kusiteshoni ya mabasi ya Intercity ndi bokosi la ayezi wogula kubutchala. Ofuulira mabasi ankalimbirana bokosilo poganiza kuti ndi amayi a nsomba, ndipo ulendo wina wina adawalangiza kuti nsomba sapita nazo ku Luapula, amabwera nazo. Pobwerera ankafika miyendo itatupa, bokosi lili pamiyendo ngati khanda. Kulabu ankasandutsa masambawo timadontho ta m'timachubu tating'ono ngati chala cha Tamara, kachubu kalikonse katalembedwa mudzi ndi dzina la mwini munda.

Tsopano tafika pa chaka chimene amayi anu, Misozi, ankakwatiwa. Chinali chaka cha mdima. Magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi, kupereka moni n'kunyamuka. Jenereta ya kulabu idafa, ndipo chitsulo chake ankati chili pabodala. Timachubu tija tinkadikira chilolezo choti titumizidwe kunja, kumene kunali makina otha kuwerenga RNA, ndipo chilolezocho chinali ku Longacres, sichinkayenda. Koma nyumba yathu ino ya ku Woodlands inali pawaya umodzi ndi nyumba ya bwana wina wamkulu wa cha ku Kabulonga. Mzinda wonse ukakhala mumdima, ife tinkawala ngati tchalitchi pa Khirisimasi. Sindinamuonepo bwanayo, koma ndinkamupempherera thanzi.

Tsiku lina ambuya anu adafika ndi mabokosi oyera akufuka utsi wozizira. Adatulutsa nyama yonse m'firiji yogona ija ya m'khonde la m'kati, adaikamo mabokosiwo, adakhoma loko, n'kundipatsa kiyi.

"Atate a Misozi," adatero, "digiri simunamalize. Khola la nkhuku kuseriku simunamalize. Ichi chokha mumalize. Isazime, ndipo munthu asagwire."

Adandifotokozera kuti timachubuto tikafunda, maulendo onse aja apita m'madzi, othandiza ntchitoyo achoka, ophunzira awo sapeza madigiri, ndipo iwo akagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku City Market. Chomalizachi ndicho chidandiopsa, poti ambuya anu sadziwa kunenerera. Akadatigulitsa tonse pamtengo wa masokosi.

Sabata yomweyo kunali chilanga mulilo. Inu simunachione cha amayi anu, pazifukwa zomveka. Ndi mwambo wa kwa atate anu umene Lusaka yonse idautola: akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu, chikanda, ifisashi, kapenta, nkhuku, munkoyo, n'kuzisenza pamutu ndi ng'oma kukapereka kwa mkamwini, kumuonetsa zimene azidya m'banja. Ndi tsiku lokhalo limene amaziona zonse pamodzi. Masiku ophika, nyumba si yako. Azimayi amalanda khitchini, amuna amatithamangitsira pansi pa mtengo wa mapeyala, kumene timakambirana za dziko.

Wotsogolera gululo anali mlongo wanga wamkulu, a Esinati a ku Kabwata, amene inu mumawadziwa ngati ambuya a maswiti. Musanyengedwe ndi maswitiwo. Adafika ndi nkhuku zosadzula kale zodzaza mabafa, napeza firiji ili ndi loko. Adandiitanitsa, ndipo ndidawauza mwaulemu kuti kiyi ndili nayo koma firiji yadzaza ndi ntchito ya alamu awo.

Asisi sadakangane nane. Adakhala pampando n'kuyamba kuika zinthu pamodzi. Mabokosi aja adawaona akulowa, akufuka utsi popanda moto. Chivindikiro cha limodzi chitatseguka adaona timabotolo tolembedwa maina a anthu. Mwini wake ndi mkazi amene sagwirana chanza ndi anthu popanda kuvala mphira. Ndipo nyumba yake siizima magetsi pamene Lusaka yonse ikuphikira pambaula. Ndikuvomereza, ana inu, kuti umboni wawo unali wadongosolo kuposa mapepala ena a sayansi amene ndidajambulapo.

"Yotamu," adatero, "chakudya cha apongozi sitingaphikire m'nyumba mmene muli maina a anthu m'firiji. Akamva a kuchimuna, ukwati watha. Ndaitana munthu wa Mulungu."

Munthu wa Mulunguyo anali mneneri wa mutenti ku Chelstone. Ndinkamudziwa. Satifiketi yake ya ubusa ndidaijambula ndine, ndipo ndingachitire umboni kuti inali yokongola.

Adabwera Lachisanu masana, mu Okutobala, dzuwa lija limene ngakhale abuluzi amapempha tchuthi. Ambuya anu anali pabenchi ku Longacres, akudikira munthu amene jekete lake linali pampando koma mwini wake atatuluka pang'ono kuyambira Lolemba. Ine ndinali pansi pa mtengo. Ndidaona suti yoyera, nsapato zosongoka ndi sipika yaikulu zikulowa m'nyumba. Ndidamva azimayi akuyamba nyimbo. Kenako ndidazindikira kuti pali chinthu chimene sindikuchimva. Firiji ija imalira pansipansi usana wonse, ndipo masiku amenewo kulira kwake ndinkakumva ngakhale ndili kugeti. Idali itakhala chete.

M'khonde lija muli soketi imodzi yokha. Mneneri adazula firiji kuti alumikize sipika.

Muyenera kudziwa kuti mneneriyu sankapemphera mwachidule. Akadalitsa tiyi, tiyiyo ankafunika kuwiritsanso. Ndidayerekeza kutalika kwa pemphero lotulutsa ziwanda ndi kutentha kwa tsikulo, ndipo ndidaona ambuya anu ataima ku City Market ndi mulu wa mabulauzi. Ndidalowa m'nyumba mwanga momwe ngati mlendo, ndidadutsa pakati pa zitenje, n'kumugwira mneneri pachigongono nyimbo ili m'kati.

Pano lembani bwino: tsiku limenelo sindinaname ngakhale kamodzi.

"Ba Profeti, shani," ndidatero chapansipansi.

"Bwino, ba tate. Ndimwe bene ba nyumba? Letani kiyi tione vamene vili mukati."

"Kiyi nili nayo. Koma nikuuzeni chabe, monga munthu wamene agona navo munyumba imozi. Vija vili mukati vimagona ngati kuli kozizila. Vikamvela kutentha vimauka."

Mneneri adachotsa maikolofoni pakamwa. "Vikauka vimachita chani?"

"Vimadya."

Sadafunse kuti zimadya chiyani, ndipo ine sindine munthu woyankha mafunso amene sindinafunsidwe. Adayang'ana firiji, adayang'ana khomo, kenako adawerama yekha ndi suti yake yoyera, n'kuzula sipika, n'kubwezera firiji. Idayambanso kulira. Mneneri adauza azimayi kuti Mzimu wamuuza kuti nkhondo iyi si ya maikolofoni. Aka kanali koyamba anthu kumva mawu ake enieni, ndipo anali aang'ono, ngati a kalaliki wa kubanki.

Ndidayesa kuti zatha. Koma asisi sadalipire basi ya mneneri kuti adzapempherere chivindikiro. Adati firiji itsegulidwe, botolo lililonse lisanjikidwe manja, dzina lililonse limasulidwe. Azimayi adavomera ndi amen. Mneneri pamaso pa azimayi ochuluka chotero sakadakana, ngakhale ndidaona kuti mtima wake unali kale pa basi ya ku Chelstone.

Tangoganizani. Pa zinthu zonse zimene munthu angachite ndi RNA, kuisanjika manja ndiye imfa yake, ndipo manja ake anali a munthu amene kuyambira m'mawa adagwira mitu ya theka la Chelstone.

Ndidamuuzanso choonadi china. Ndidati mwini wake wa zinthuzo, ndi madigiri ake onse, chikwatirane nane sindinamuonepo akuzigwira ndi dzanja lamaliseche. Mneneri adafunsa ngati ndikutanthauza ngakhale kamodzi. Ndidati ngakhale kamodzi. Ndidapita kukatenga bokosi la magolovesi a ambuya anu. Mneneri adavala awiri dzanja lililonse. Azimayi ataona kuti munthu wodzozedwa akudziteteza, nawonso adatambasula manja, ndipo bokosi lidatha. Asisi adavala omaliza, akundiyang'ana.

"Tsopano tsegula."

Ndidaganiza za nthawi imene firiji ikhale yotsegula, botolo ndi botolo, dzina ndi dzina, aliyense ndi pemphero lake. Nzeru zidandithera. Choncho ndidachita chimene munthu wosamaliza sukulu amachidziwa bwino kuposa wina aliyense: ndidakhala pansi. Ndidakwera pachivindikiro, ndidapinda miyendo, kiyi ili m'sokosi.

"Yotamu, tsika. Ndinakubereka kumsana ine."

"Ndikukumbuka, asisi. Munandigwetsa kawiri."

Adandiimbira nyimbo. Adandipempherera ineyo, poti zinali zoonekeratu kuti zinthuzo zayamba ndi ine. Mneneri adandisanjika magolovesi pamutu. Ndidakhalabe. Kunsi kunkazizira, kumutu kunkatentha, ndipo ndikuganiza kuti chikhalire sindinakhalepo pamalo amodzi nthawi yaitali chotero, kuphatikizapo m'kalasi.

Ndi mmene ambuya anu adatipezera. Adalowa ndi chikwama chawo, chilolezo chili m'manja, poti mwini jekete uja adabwerera mwangozi kudzatenga chaja. Adaona khonde lodzaza manja abuluu ali m'mwamba, mneneri, mlamu wawo, ndi mwamuna wawo ali pafiriji ngati tambala. Sadafunse kuti kwagwanji. Adapita kumbali, adayang'ana kachipangizo kawo koyezera kuzizira, kenako adayang'ana ine.

"Inazima?"

"Pang'ono. Nyimbo imodzi ndi kolasi."

Adagwedeza mutu. Asisi adayamba kufotokoza za maina ndi utsi. Ndinkayembekezera kuti ambuya anu ayamba kuphunzitsa za DNA, tonse n'kufera pomwepo. Sadatero. Adati mneneri apemphere, palibe vuto, koma m'nyumba muno zinthuzi zili ndi malamulo ake. Bokosi limodzi lokha. Likhale pa ayezi m'bafa. Wopemphera amange kansalu kukamwa, chifukwa malovu. Ndipo akangodzigwira kumaso, asinthe magolovesi. Adatulutsa bokosi lina la magolovesi m'chikwama, poti mayi ameneyu angaiwale tsiku langa lobadwa koma osati magolovesi. Ndidatsika n'kutsegula loko, iwo adatulutsa bokosi limodzi la timachubu, ine n'kukweranso pachivindikiro, kiyi n'kubwerera m'sokosi.

Mneneri amene sapukuta thukuta akamapemphera sanabadwe. Adangoti "Atate" n'kudzigwira pamphumi.

"Sinthani," adatero ambuya anu.

Adasintha. Adafika pa "tikumanga", n'kukonza kansalu kakukamwa.

"Sinthani."

Kuvala magolovesi m'manja mwa thukuta ndi ntchito, ana inu. Atasintha kangapo, mneneri adapemphera pemphero lalifupi kwambiri m'mbiri ya utumiki wake, manja ali m'malere ngati dokotala wa opaleshoni, osagwira kanthu. Kenako adalengeza chigamulo. Adati zinthuzo zamangidwa. Zibwezedwe mozizira msanga, loko ikhomedwe, munthu asayandikire, asazule waya, mpaka zitatumizidwa kutsidya kwa nyanja kumene sizidzabwerako. Ambuya anu adandiuza pambuyo pake kuti m'zaka zawo zonse zophunzitsa sadapezepo wophunzira amene adagwira ndondomeko msanga chotero.

Bokosi lisanatsekedwe, asisi adasuzumira n'kuwerenga dzina limodzi. Adafunsa kuti bana Kunda ndi ndani, ndipo adalakwanji. Ambuya anu adati ndi mayi wa ku Luapula amene chinangwa chake sichiwola, ndipo m'kachubumo muli kachidutswa ka tsamba la m'munda mwake. Asisi adati ngati ndi choncho bwanji osangomufunsa mayiyo. Ambuya anu adati adamufunsa, ndipo mayiyo adati ndi Mulungu. Asisi adati ndiye mukufunanso chiyani. Nkhaniyi mpaka lero sanaimalize.

Nkhuku zija, posowa pozisunga, zidakazingidwa zonse tsiku lomwelo. M'mawa mwake zidapita kwa apongozi zitauma ngati nsapato. Abemba adadya n'kuyamikira, poti munthu wozolowera nyani nkhuku iliyonse imamufewera. Amayi anu adakwatiwa. Choncho inu nomwe mungadzilembe m'gulu la zotsatira za kafukufukuyu.

Timachubu tidakwera ndege, makina adatiwerenga, ndipo tizidutswa tija tidapezeka mmene ambuya anu ankanenera. Pepala lidatuluka. Anthu osankha mbewu adayamba kuwafunsa nzeru, ophunzira awo lero ali ndi ophunzira awoawo, ndipo onsewo akalemba amatchula dzina la ambuya anu, monga mmene ife timatchulira makolo pamaliro. Zimenezo aphunzitsi anu azikonda. Koma mukafuna kuona kumene nzeru zawo zidazika mizu kwenikweni, pitani ku Chelstone Lamulungu. Mutenti muja mpaka lero amagulitsa magolovesi odzozedwa. Abuluu ndi okwera mtengo kuposa oyera.

Ine ndilimo m'pepalalo. Kumapeto kwenikweni, m'malemba ang'onoang'ono, akuthokoza Y.M. chifukwa chosunga zinthu mozizira. Anthu akunja amayesa kuti ndine kampani. Yunivesite ina idalembera ambuya anu kufunsa mitengo yathu, ndipo ndidati awayankhe kuti pakadali pano tadzaza.

Firiji ndi yomweyo imene mumabamo ma ayisibuloko mukamayesa kuti ndagona. Bwana wa ku Kabulonga uja adapuma ntchito, magetsi athu nawo adapuma naye, ndiye mukatsegula muzitseka msanga.

Chatsala chimodzi. Tsiku lija, mneneri atanyamula sipika yake, azimayi atabwerera ku mbaula zawo, tidatsala awiri m'khonde. Ndidatsika pafiriji miyendo itachita dzanzi, ndidavula nsapato, n'kuwapatsa kiyi. Ambuya anu adabwezamo bokosi lija, adakhoma loko, adaikoka kuti aone ngati yagwira. Kenako adavula golovesi la kudzanja lamanja, chala ndi chala, n'kunditambasulira dzanja lenilenilo, pomwepo, pafupi ndi timachubu tawo.

"Mwamaliza, atate a Misozi."

Ndidaligwira. Mendulo zawo zili m'kabati, mukhoza kukaziwerenga nokha. Yanga ndi imeneyo.

Atatero adapita kukasamba m'manja ndi sopo, mpaka m'zigongono. Zimenezo musalembe.